PHUNZIRO: KALUMIKIZIDWE KA BATIRE LOYATSIRA NYALI NDI KUTCHAJIRA FONI M'BWATO NDI PA MSASA

Asodzi anzathu a ku Senga Bay, Lifuwu, Chikombe, Chipoka ndi madoko ena onse a m'boma la Salima, phunziro la ulendo uno likunena za batire. Kale msodzi wa kauni ankadalira nyali zopopa za palafini pokopa usipa usiku. Masiku ano ambiri asiya nyali zimenezi ndipo akugwiritsa ntchito mababu a LED oyaka ndi batire. Batire lomwelo ndi limene likuunikira pa msasa komanso kutchaja foni imene timamverapo mitengo ya nsomba, kulandirirapo ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi kumvera machenjezo a mphepo ya mwera.

Kusinthaku ndi kwabwino chifukwa kwachepetsa ndalama zogulira palafini. Koma batire likalumikizidwa molakwika limabweretsa mavuto akulu. Limatha kuyatsa moto m'boti momwe muli petulo, kutentha msasa wa udzu, kuwononga foni, kapena kuzimitsa nyali pakati pa nyanja khoka lili m'madzi. Mabatire ambiri amafa asanathe chaka chifukwa chosowa chisamaliro, ndipo imeneyi ndi ndalama yotayika pa banja. Tikupempha makomiti a m'madoko kuti awerenge phunziroli pa misonkhano yawo pamodzi ndi eni zipangizo, alovi ndiponso amayi ochita malonda a nsomba.

MAWU OYENERA KUWADZIWA

Pa batire ndi pa babu pamalembedwa zilembo zimene muyenera kuzimvetsa musanagule.

Chilembo V chimaimira mavolti, kutanthauza mphamvu yokankha magetsi. Batire limene tikunena pano ndi la 12V. Babu lililonse ndi tchaja iliyonse yolumikiza ku batireli ziyenera kukhala zolembedwa 12V.

Chilembo A chimaimira maampu, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya pa nthawi imeneyo.

Chilembo W chimaimira mawati, kutanthauza kadyedwe ka magetsi ka babu kapena chipangizo. Mukagawa mawati ndi 12 mumapeza maampu. Mababu a mawati 30 onse pamodzi amakoka maampu 2.5.

Zilembo Ah zimasonyeza kukula kwa nkhokwe ya batire. Batire la 50Ah limasunga magetsi ochuluka kuwirikiza kawiri kuposa la 25Ah.

Batire lili ndi mitu iwiri. Mutu wa chizindikiro cha + ndi pozitivi ndipo umayendera waya wofiira. Mutu wa chizindikiro cha – ndi negetivi ndipo umayendera waya wakuda. Sungani mitundu imeneyi paliponse kuti aliyense wogwira mawayawo, ngakhale usiku, asasokoneze.

KUSANKHA BATIRE LOYENERA

Musanapite ku sitolo yambani mwawerengera magetsi amene mumafuna pa usiku umodzi. Nachi chitsanzo.

Tinene kuti muli ndi mababu 3 a mawati 10 lililonse. Onse pamodzi ndi mawati 30. Akayaka maola 8, chulukitsani 30 ndi 8, mupeza 240. Foni imodzi imadya pafupifupi 15 kuti idzaze, choncho mafoni awiri ndi 30. Kuphatikiza zonse ndi 270. Gawani 270 ndi 12, mupeza pafupifupi 23. Ndiye kuti usiku umodzi mumachotsa 23Ah m'batire.

Apa pali lamulo lofunika kwambiri. Batire la mtovu ndi asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Mukamalikama mpaka nyali zitazima zokha, limafa msanga. Choncho chulukitsani 23 ndi 2, mupeza 46. Batire loyenera pa chitsanzochi ndi la 50Ah kapena lokulirapo. Ngati mababu anu ndi ambiri kapena amphamvu kuposa awa, tsatirani njira yomweyi ndi manambala anu.

Dziwaninso kuti mabatire si amodzi. La galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa polizira injini, kenako n'kudzazidwa nthawi yomweyo. Likamatsitsidwa usiku uliwonse silichedwa kufooka. Batire la sola, lolembedwa kuti deep cycle, linapangidwa kuti lizipereka magetsi pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Mtengo wake ndi wokwererapo koma limakhalitsa. M'bwato, batire lomata losathira madzi ndi labwino chifukwa silitaya asidi mafunde akakula.

ZIPANGIZO ZOFUNIKA

1. Batire la 12V ndi zomangira za pa mitu yake, zomanga ndi boti ndi nati.
2. Waya wa kopa wofewa, wa timawaya tambiri m'kati, wofiira ndi wakuda. Wa 2.5mm wochokera ku batire, wa 1.5mm wopita ku mababu ndi ku tchaja.
3. Mafyuzi a m'galimoto ndi zoikamo zake: imodzi ya 10A ndi ziwiri za 5A, komanso ena apadera osungira.
4. Maswitchi awiri kapena atatu.
5. Mababu a LED a 12V otsekedwa bwino kuti madzi asalowe.
6. Tchaja ya USB ya m'galimoto.
7. Bokosi la pulasitiki kapena la matabwa, kathabwa komangapo maswitchi, tepi ya magetsi ndi zingwe za labala.
8. Mita yoyezera magetsi. Komiti ikhoza kugula imodzi yoti doko lonse lizibwereka.

Chenjerani ndi waya wotchipa. Wina amaoneka wofiirira kunja koma m'kati ndi aluminiyamu. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni. Ngati m'kati mukuoneka moyera, ameneyo si kopa weniweni, amatentha msanga ndipo amathothoka pa chinyezi. Waya woonda ngati wa wailesi nawonso si woyenera. Babu likakhala mamita 5 kuchokera pa batire, magetsi amayenda mamita 10 popita ndi pobwera. Pa maampu 2.5, waya wa 1.5mm amataya pafupifupi 0.3V, pomwe wa 0.5mm amataya pafupifupi 0.9V. Zotsatira zake nyali zimachita chizimezime ndipo mphamvu ya batire imathera kutenthetsa waya.

UBWINO WA FYUZI

Ambiri amaona fyuzi ngati chinthu chosafunika, koma ndi imene imateteza boti ndi msasa ku moto. Waya wofiira ndi wakuda akakhudzana pamene asupuka, pamachitika shoti. Batire, ngakhale laling'ono, limatulutsa maampu ochuluka kwambiri nthawi imodzi moti waya amafiira ngati khala m'kanthawi kochepa. Fyuzi ndi kawaya kofooka mwadala kamene kamaduka msanga waya wamkulu asanapse.

Fyuzi yaikulu iikidwe pa waya wofiira pafupi kwambiri ndi mutu wa pozitivi, osapitirira masentimita 18. Mukaiika kutali, chigawo cha waya cha pakati pa batire ndi fyuzi chimakhala chopanda chitetezo.

Fyuzi ikapsa ndiye kuti yakuuzani kuti pena pake pali vuto. Funani vutolo, likonzeni, kenako ikani fyuzi ina ya nambala yomweyo. Musaikemo msomali, waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Kutero n'chimodzimodzi kuchotsa mlonda pa khomo.

NDONDOMEKO YA KALUMIKIZIDWE

Ntchitoyi ichitike masana, kumtunda, pamalo ouma, kutali ndi petulo ndi moto. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Batire lilumikizidwe pomalizira penipeni.

1. Ikani batire m'bokosi, mitu yake ili m'mwamba. Boolani timabowo m'mbali chakumtunda kuti mpweya uzituluka. Chivindikiro chitchinge mitu kuti sipanala, mpeni kapena nangula zisagwerepo.

2. Pa kathabwa mangani choikamo mafyuzi awiri a 5A, maswitchi ndi tchaja ya USB. Mangani boti imodzi padera yoti ikhale pokumanira mawaya onse akuda.

3. Tengani waya wofiira wa 2.5mm. Kumbali yopita ku batire ikani choikamo fyuzi ya 10A, koma fyuziyo musaikemo kaye. Kuchokera pamenepo wayayo apite ku switchi yaikulu yozimitsira zonse.

4. Kuchokera pa switchi yaikulu gawani njira ziwiri. Njira yoyamba idutse pa fyuzi ya 5A, kenako pa switchi ya nyali, n'kupita ku mababu. Njira yachiwiri idutse pa fyuzi ina ya 5A n'kupita ku tchaja. Ubwino wake ndi wakuti tchaja ikachita shoti, nyali zimapitiriza kuyaka.

5. Babu lililonse lilandire waya wake wofiira ndi wake wakuda. Musalumikize mababu motsatizana ngati mikanda, lina kulandira kuchokera mwa linzake, chifukwa agawana mavolti 12 aja ndipo sadzayaka bwino. Komanso limodzi likafa onse amazima.

6. Mawaya onse akuda ochokera ku mababu ndi ku tchaja akumane pa boti ija. Kuchokera pamenepo waya mmodzi wakuda wa 2.5mm apite ku mutu wa negetivi.

7. Polumikiza mawaya pakhale polimba. Kungopota ndi zala sikukwanira. Gwiritsani ntchito zomangira za sikulu kapena wotchererani ndi soda ya amisiri a wailesi, kenako kulungani ndi tepi ndipo pamwamba pake mangani ndi labala. Polumikiza pasakhale pansi pa bwato pamene pamakhala madzi.

8. Yendetsani mawaya m'mbali mwa bwato ndipo muwamange kuti asakoledwe ndi phazi, nkhafi kapena khoka. Pamene waya akudutsa pa chitsulo kapena pa ngodya ya thabwa, muvekeni kapaipi.

9. Onaninso zonse kawiri. Zimitsani maswitchi onse. Mangani waya wofiira ku mutu wa + poyamba, wakuda ku mutu wa – pomaliza. Musagwiritse ntchito misomali kapena kungokulunga waya pa mutu wa batire. Pamalo pogwedera pamatentha ndipo pamathetheka moto.

10. Ikani fyuzi ya 10A, yatsani switchi yaikulu, kenako ya nyali. Zisiyeni ziyake mphindi 30 muli kumtunda. Gwirani mawaya ndi polumikiza ponse. Pakapezeka potentha, zimitsani ndi kukonza musanalowe m'madzi.

Pochotsa batire kuti mukatchaje, yambani kumasula waya wakuda, wofiira pambuyo.

KUTCHAJA FONI

Foni imalandira 5V kudzera pa USB. Mukailumikiza mwachindunji ku batire la 12V imapsa nthawi yomweyo. Tchaja ya m'galimoto ndi imene imatsitsa mavolti 12 kufika pa 5. Ena amagula inveta imene imasandutsa magetsi a batire kukhala a 230V ngati a ESCOM, n'kulowetsamo tchaja ya m'nyumba. Njira imeneyi imawononga mphamvu yambiri, ndipo magetsi a 230V pamalo onyowa amapha munthu. Inveta isalowe m'bwato. Pa nyanja foni ndi tchaja zikhale m'chigubu chotsekeka kapena m'pepala la pulasitiki lomanga bwino.

KUDZAZA BATIRE NDI SOLA

Kuno ku Salima dzuwa ndi lokwanira, ndipo n'chifukwa chake malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 anatsegulidwa m'boma lino m'chaka cha 2021. Pa tsiku timawerengera maola pafupifupi 5 a dzuwa lamphamvu. Pa chitsanzo chathu chija, gawani 270 ndi 5, mupeza 54. Koma mphamvu ina imatayika chifukwa cha kutentha, fumbi ndi mitambo, choncho sola yoyenera ndi ya mawati 80 mpaka 100.

Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kontirola. Ntchito yake ndi kuletsa batire kudzaza mopitirira muyeso. Popanda kontirola madzi a m'batire amawira ndi kuuma, ndipo batire lomata limafufuma. Pa sola ya mawati 100, kontirola ya 10A ndi yokwanira. Lumikizani batire ku kontirola poyamba, sola pambuyo. Pochotsa yambani ndi sola. Pa waya wofiira wa pakati pa batire ndi kontirola ikaniponso fyuzi.

Ikani sola pamalo opanda mthunzi, yopendekera pang'ono chakumpoto, ndipo muziipukuta ndi kansalu konyowa. Mthunzi wa nthambi imodzi kapena khoka loyanikidwa pamwamba pake umachepetsa kwambiri magetsi. Batire likhale pamthunzi chifukwa kutentha kumalifupikitsa moyo.

Mukabwera ku nyanja, batire lipite pa tchaji m'mawa womwewo. Batire losiyidwa lopanda moto masiku angapo limachita zoyera m'kati ndipo silidzazanso bwino. Pa masiku a mwezi wowala pamene kauni amaima, kapena pamene mwera wakuletsani kulowa m'madzi m'miyezi ya June, July ndi August, lisungeni lili lodzaza.

KUYEZA NDI KUSAMALA BATIRE

Yezani batire litapuma maola angapo, lisakutchajidwa komanso lisakuyatsa kanthu. Mita ikaonetsa 12.6 kapena 12.7, batire ndi lodzaza. Ikaonetsa 12.2, latsala theka ndipo lifunika tchaji. Ikatsika kufika pa 11.9 kapena kucheperapo, latheratu ndipo likuwonongeka. Musapite pa nyanja ndi batire losadzaza.

Ngati batire lanu ndi lothira madzi, tsegulani zitsekerero kamodzi pa mwezi. Madzi aziphimba zitsulo za m'kati. Akachepa onjezani madzi a batire ogula ku sitolo kapena kumalo omwetsera mafuta. Musathire madzi a m'nyanja kapena a pa mjigo, ndipo musaonjezere asidi.

Pa mitu ya batire pakamera zoyera kapena zobiriwira, masulani mawaya, tsukani ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira, samalani kuti asalowe m'kati, pukutani, mangani mawaya molimba ndipo pakani girizi kapena Vaseline pamwamba.

M'bwato bokosi la batire limangidwe kuti lisagubuduzike, likwezedwe pa thabwa kuti madzi a pansi asalifike, ndipo likhale kutali ndi thanki ya petulo. M'boti ya injini, petulo akhale kumbuyo, batire chakutsogolo.

NGOZI ZOYENERA KUPEWA

Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya umene umaphulika ukakumana ndi moto. Musasute fodya kapena kuyatsa machesi pafupi nalo. Musalitchajire m'chipinda chogona chotseka. Musayese moto wa batire pogundanitsa mawaya kuti muone ngati athetheka.

Asidi wa m'batire amaotcha khungu ndipo amachititsa khungu la maso. Akakugwerani, tsukani ndi madzi ambiri. Akalowa m'maso, tsukani mosalekeza kwa mphindi zosachepera 15 ndipo thamangirani ku chipatala.

M'kati mwa batire muli mtovu umene ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Umawononga ubongo wa mwana ndipo kuwonongekako sikubwerera. Musaswe batire lakutha, musasungunule mtovu wake kuti mupange miyala ya ukonde, ndipo musalitaye m'nyanja, pa mchenga kapena pafupi ndi thandala loyanikapo nsomba. Libwezeni kwa ogulitsa mabatire kapena kwa ogula mabatire akutha.

Pomaliza, musadalire batire limodzi lokha. Tengani tochi yapadera yokhala ndi mabatire ake ndi mafyuzi osungira. Poyenda usiku bwato likhale ndi kanyali koyera kooneka mbali zonse kuti maboti a injini akuoneni.

NYALI NDI KASAMALIDWE KA NSOMBA

Nyali za batire n'zosavuta kuyatsa, choncho pali chiyeso choonjezera mababu chaka ndi chaka poganiza kuti kuwala kwambiri ndiye nsomba zambiri. Tikumbukire kuti nyali siibereka nsomba, imangosonkhanitsa zimene zilipo kale. Kuwala kumakopanso tiana ta nsomba. Nyali zikayatsidwa m'madzi osaya momwe nsomba zimaswana, ndipo chilimira chikakhala chosokereredwa neti ya udzudzu, timapha nsomba za chaka chamawa. Neti ya udzudzu ndi yoletsedwa pa usodzi, kaya mukuunikira ndi palafini kaya ndi batire.

Ndondomeko yoti boma ndi asodzi azisamalira nsomba mogwirizana inayambira ku nyanja ya Malombe m'chaka cha 1993, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linapereka mpata woti anthu a m'madera atengepo mbali. Kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, kumene usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja chaka chilichonse ndipo asodzi amamvera. Choncho musanagule mababu oonjezera kapena kupita kukasodza ku dera lina, yambani mwafunsa komiti ya kumeneko za malamulo ake pa nkhani ya nyali. Paja safunsa anadya phula.

UDINDO WA KOMITI YA PA DOKO

1. Kuyendera maboti ndi misasa kuona ngati mabatire ali m'mabokosi, ali ndi fyuzi ndipo ali kutali ndi petulo.
2. Kusankha malo amodzi otchingidwa, okhala ndi denga, osungirapo mabatire akutha kufikira atatengedwa.
3. Kulemba m'kaundula mwini wa batire ndi sola iliyonse, ndi kulimbikitsa eni ake kuikapo chizindikiro pofuna kuchepetsa umbava.
4. Kukambirana ndi mafumu ndi alangizi a zausodzi za malo oyenera ndi osayenera kuyatsa nyali, ndi kuika zogwirizanazo m'malamulo a pa doko.
5. Kupeza mmisiri wodziwa zamagetsi woti aphunzitse achinyamata awiri kapena atatu a pa doko, anyamata ndi atsikana omwe.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO

1. Pa doko lathu, ndi maboti angati amene ali ndi batire lopanda fyuzi?
2. Msodzi ali ndi mababu 4 a mawati 10 amene amayaka maola 9. Afunika batire lalikulu bwanji?
3. Mabatire akutha a pa doko lathu akumathera kuti?
4. Kodi malamulo athu akunenapo chiyani pa za nyali pafupi ndi malo oswanirana nsomba?

Yankho la funso lachiwiri ndi ili: mababu 4 ndi mawati 40, kuchulukitsa ndi maola 9 ndi 360, kugawa ndi 12 ndi 30, kuchulukitsa ndi 2 ndi 60. Afunika batire la 60Ah kapena lokulirapo.

Amene akufuna thandizo powerengera kapena poyeza batire aonane ndi mlangizi wa zausodzi wa dera lawo kudzera ku komiti ya pa doko.